Gulu Limene Linawoloka Lopanda Ufa

Chaka cha makiyi

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, chifukwa palibe chimene ndinachita ku Khuyu chimene mwana wina wa ku Khuyu sanachite. Ndiyambira tsiku limene ndinapatsidwa makiyi. Mpingo wathu unali ndi komiti yoona zomangamanga, ndipo komitiyo inali ndi kanyumba kosungiramo zipangizo ku Chipyela, chakumtunda kwa msika. Ankafuna munthu wodziwa kulemba, wosamwa mowa, komanso wokhoza kuuza msuweni wake kuti ayi. Ziwiri zoyambazo ndinali nazo kale. Chachitatucho ndinachiphunzirira pantchito pomwepo, ndipo asuweni anga ena mpaka lero amandipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Bwana wanga anali a Mwenda, Mtonga wa ku Nkhata Bay, amene anapuma ntchito yomanga m'boma n'kubwera pachilumba pano kudzathandiza mpingo. Anali wamfupi, wadazi, pensulo ili kukhutu ngakhale m'tchalitchi. Munthu ameneyo ndinkamuopa ndipo ndinkamukonda, zonse ziwiri pamodzi. Msomali wopindika sankautaya, ankauwongola pamwala. Masiku amenewo chilichonse chomangira chinkabwera pa sitima, ndipo sitimayo inkaima patali, katundu n'kutsitsidwira m'maboti. Kuchoka m'boti kufika pamchenga, simenti inkayenda pamutu pa munthu, madzi ali m'chiuno. A Mwenda sankaima pamtunda n'kumaloza ndi chala ayi. Ankapinda buluku n'kulowa nawo m'madzimo, dazi likunyezimira pakati pa matumba. Tsiku langa loyamba ndinaterereka, thumba linangotsala pang'ono kumira. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Barnaba, simenti ikanyowa imasanduka mwala, ndipo miyala pa Likoma tili nayo yokwanira kale." Sanakalipe, koma sindinatererekenso.

Zaka za pabwalo

Mpingo unalibe mphamvu zolemba amisiri ambiri, choncho nyumba zathu zinkamangidwa ndi anthu odzipereka. Ankachokera m'mipingo ya pachilumba pano, nthawi zina ya kumtunda, kunja kwa chilumba. Ankamanga msasa pafupi ndi malo a ntchito, n'kugona pomwepo milungu ingapo, kenako gulu lina linkabwera kudzawalandira. Mtima anali nawo, koma ntchito sankaidziwa. Tinaonapo aphunzitsi akufika pamatope ndi nsapato zoyera. Asodzi anali ndi mphamvu ngati ng'ombe, koma kuwadzutsa m'mawa inali nkhondo, poti matupi awo anazolowera kugona dzuwa likatuluka. Akwaya ankaimba bwino popatsirana njerwa, koma nyimbo ikafika pokoma njerwa inkagwera paphazi la mnzawo. A Mwenda atatopa ndi zilonda anati gulu lililonse liziyamba lakonzekeretsedwa lisanapite kumsasa, ndipo ntchito imeneyo anandiponyera ine.

Ndinkawasonkhanitsa pabwalo la kuseri kwa kanyumba ka zipangizo kaja. Ndinkawaimika pamzere n'kuwaphunzitsa kupatsirana njerwa osaponya, kuponda dothi mpaka litagwirana, kukankha wilibala pathabwa, kutsuka chipande chomangira asanachisiye. Ndinkafunsa wodwala mphumu, wodwala msana, woyembekezera amene sananene kwa mwamuna wake. Ndinkamasula mitolo yawo n'kuchotsamo zosafunika, ndipo mungadabwe zimene Mkhristu amaona ngati sangakhale popanda izo kwa milungu iwiri. Wina anabwera ndi ayironi yamakala. Ntchito imeneyi ndinaikonda kuposa makiyi, chifukwa ndinkaona anthu akufika ngati alendo n'kuchoka pabwalopo akuitanana maina achipongwe.

Panali lamulo limodzi lalikulu kuposa onse, ndipo linabadwira ku Yofu. Chaka china tinamanga kumeneko chipinda chophunziriramo, ndipo gulu linachokera kumtunda. Anthu a ku Yofu, mwa ulemu wawo, anayamba kupha nkhuku. Alendowo, mwa ulemu wawonso, anayamba kudya. Pamene denga linkatha, tambala wolira m'mawa ankachita kusowa m'mudzimo, ndipo mayi wina wamasiye anamaliza ufa umene ukanamufikitsa ku dzinja. A Mwenda atamva anati, "Tawamangira chipinda, tawasiyira njala." Kuyambira pamenepo gulu lililonse linkanyamula ufa wake, usipa wake ndi mchere wake, ndipo chakudya cha m'mudzi sichinkalandiridwa ngakhale pang'ono.

Lamuloli ndinkaliphunzitsa ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero ndimati linali labwino. Popeza kukana chakudya n'kovuta kwa munthu woleredwa bwino, ndinkawayeseza. Ndinkafunda chitenje kumutu, kunyamula mbale, n'kuyenda chowerama ngati mayi wokalamba, bwalo lonse likufa ndi kuseka. Aliyense ankayenera kuomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo amayi, tadya kale." Wolandira mbaleyo ankabwerera kumapeto kwa mzere. Magulu ambiri anadutsa m'manja mwanga ndi mawu amenewa, ndipo midzi inkatsala ndi nkhuku zake.

Chaka cha kutsidya, mwezi wa Seputembala

Inu munabadwa mochedwa, ndiye ndikuuzeni pang'ono za kutsidya. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anthu a m'mbali mwa nyanja ankathawira kuno m'mabwato, ndipo panalibe khomo pa Likoma limene linalibe alendo. Chiyankhulo chathu ndi chimodzi, mapemphero ndi amodzi, ena n'achibale kumene. Kwathu ku Khuyu kunafika mayi Rozalina ndi ana awo, mwamuna wawo atatsala kumeneko osadziwika kumene anagwera. Agogo anu a Mariamu anawapatsa khitchini kuti azigonamo, ndipo kwa zaka zambiri amayi awiriwo ankasinja mumtondo umodzi. Mtendere utabwera mayi Rozalina anabwerera kwawo, mudzi wina wa kumwera kwa Kobwe. Sipanapite nthawi amayi anga a Mariamu anamwalira. Munda wawo wa chinangwa, chija cha mitengo yofiira chimene ankanyadira nacho, unagwidwa ndi matenda n'kutheratu, osatsala ndi mbewu yomwe.

Patapita zaka zochepa anthu a mudzi wa mayi Rozalina anaumba njerwa n'kuwotcha, natumiza mawu kuti tikawathandize kumanga nyumba yopemphereramo imene mkati mwa sabata izikhala sukulu. Pangano linali lakuti ife tibweretse amisiri, simenti ya maziko ndi malata, iwo azibweretsa madzi, mchenga ndi njerwa pamalopo. Makoma anali omanga ndi dothi, ndiye denga linkayenera kukwera mvula isanagwe. Khoma la dothi lopanda denga likamwa mvula ya kutsidya limakhala pansi.

Gulu loyamba ndinalikonzekeretsa mosamala kuposa onse. Ndinawauza kuti aziyenda m'njira zopondedwa kale, chifukwa m'tchire munali mutatsala zinthu za nkhondo. Ndinawauza kuti asamafunse kuti uje ali kuti, azidikira kuti eni ake anene okha. Pa nkhani ya chakudya a Mwenda anabwera okha pabwalo. "Anthu amenewa angobwerera kumene," anatero. "Alibe kanthu. Wolandira ngakhale mtedza umodzi abwerere pa boti lomwelo." Gululo linatsogozedwa ndi a Filipo, mmisiri wathu wamkulu wa ku Yofu, munthu wamtali wosalankhulalankhula, amene khoma lake sukanaliika levulo yoyezera n'kupezapo chonena.

Patadutsa milungu iwiri ndinangoona a Filipo atulukira pakhomo la kanyumba kanga, atakwera boti la ogulitsa nkhuni. A Mwenda analipo.

"Ntchito yaima, bwana," anatero a Filipo. "Tili pa mawindo."

"Simenti yatha?"

"Simenti ilipo. Anthu ndiwo asiya kubwera. Masiku oyamba kunali mudzi wonse, mzere wa ndowa kuchokera kunyanja. Tsopano madzi tikutunga tokha, mchenga tikusenza tokha. Amisiri akutha tsiku ali pamutu ndi ndowa m'malo mogwira chipande."

"Mwakangana nawo?"

"Ayi. Moni akupereka. Koma ndi moni wouma."

A Mwenda anaganiza monga munthu wachifundo aliyense akanaganizira. "Ndi njala," anatero. "Munthu wanjala sangasenze mchenga. Barnaba, gulu lachiwiri lidzanyamule ufa wowirikiza, tizikawaphikiranso iwowo." Anagula ufawo, tinaunjika m'kanyumba muja, ndipo iwo anakwera sitima kupita kumtunda kukatenga malata.

Mwezi wa Okutobala

Loweruka lotsatira ndinafika kunyumba masana n'kupeza mlendo atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Anali mayi Rozalina. Anabwera ndi nkhuni kumsika, n'kuyenda wapansi mpaka ku Khuyu dzuwa lili pamutu. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa kuwaona iwo kunali ngati kuona mbali ina ya amayi. Tinalonjerana, tinafunsana za ana. Mayi anu anatuluka ndi madzi osamba m'manja ndi mbale zovundikira, n'kugwada.

Mayi Rozalina anaomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Zikomo apongozi, tadya kale."

Mawuwo anali anga, ndi kaombedwe ka m'manja komwe. Ndinali nditawaseketsa nawo anthu pabwalo chitenje chili kumutu, koma kuwamva pakhomo pa amayi, kuchokera pakamwa pa munthu amene anadya pakhomopo zaka zonse zija, kunali ngati andimenya khofi. Mayi anu anangotsala chogwada, mbale zili m'manja.

"Amayi, mwayenda ulendo wonsewu," ndinatero. "Mwadya kuti?"

"Kumene anadya wandu ako," anayankha m'kayankhulidwe kathu ka kunyanja, kamene inu mumandiseka nako mukabwera kuchokera m'tauni. "Akuti unawaphunzitsa ndiwe. Waphunzitsa bwino, Barnaba. Palibe analakwitsa."

"N'chifukwa cha chisoni, amayi. Mwangobwerera kumene. Sitikufuna kukuthetserani chochepa chimene muli nacho."

"Nanga amayi ako anali ndi chochuluka?" Sanakweze mawu. "Tinafika pano ndi nsalu ya m'thupi yokha. Ndinkawaona ine a Mariamu akukokota pansi pa dengu kuti ana anga adye, ndipo sindinanene kuti tadya kale. Ndinadya. Zaka zonse zija ndinkadya mutu uli pansi, ndikudziuza kuti tsiku lina ana a pachilumba adzadya kwanga, ndipo ndidzadzutsa mutu. Titamva kuti mukubwera tinakumba chinangwa, tinaviika, tinayanika, tinasinja. Amuna anapita panyanja. Tinanyamula mbale kupita kumsasa kwanu tikuimba, n'kubwerera nazo pamutu zili zovundikira, muji wonse ukuona. Mawa lake chimodzimodzi. Ndiye mukufuna tikutungireni maji? Mangani nokha tchalitchi chanucho, muzidzapempheramo nokha, anthu odya kale inu."

Ndinawauza kuti gulu lachiwiri likubwera ndi ufa wambiri woti tiziphikira mudzi wonse. Sindikudziwa chimene chinandiyankhulitsa. Anadzuka n'kukutumula nsalu yawo. "Ndiye kuti tikadali othawa nkhondo," anatero, "ngakhale kwathu komwe." Anapita osamwa ndi madzi omwe.

Gulu lachiwiri linkayenera kuwoloka mkati mwa sabata yotsatira. A Mwenda anali kumtunda, ndipo masiku amenewo kunalibe foni ya m'thumba yoti n'kuwapeza nayo. Kuwadikira kunali kutaya masiku amene tinalibe, chifukwa mphepo ya mpoto inali itayamba ndipo mitambo inkaunjikana pamwamba pa mapiri a kutsidya. Ndinapita ku Yofu kukafunsa a Filipo. Ndinati mwina tinyamule ufawo koma tizilandirako pang'ono za m'mudzi. Anapukusa mutu. "Adzaima pamchenga n'kumaona zimene tikutsitsa," anatero. "Thumba limodzi lokha likatsika, adzati sitikuwakhulupirira kuti angatidyetse."

Ndinabwerera wapansi. Kusiya ufa kunali kuswa lamulo la munthu amene anachotsapo kapitawo wina chifukwa cha nkhuku imodzi, ndipo ine ndinali ndi ana aang'ono, inuyo. Kunalinso kutuma anthu a eni ake kutsidya la nyanja popanda chodya, pongodalira mawu a mayi mmodzi. Koma chimene chinkandiopsa kwambiri chinali chakuti a Mwenda akhoza kukhala olondola, tikawadyera anthuwo zonse monga zinachitikira ku Yofu. Mbali inayo kunali makoma oti agwa, ndi nkhope ya mayi Rozalina akukutumula nsalu. Pofika ku Chipyela ndinali nditasankha.

Tsiku lokonzekeretsa ndinafundanso chitenje n'kunyamula mbale. Anthu anayamba kuseka, poti ambiri sewerolo ankalidziwa. Woyamba pamzere anaomba m'manja n'kuyamba, "Zikomo amayi, tadya..." Ndinamuimitsa. "Bwererani kumapeto. Lero mbale ikulandiridwa, ndi manja awiri." Kenako ndinavula chitenjecho n'kuwauza zonse, osabisa kuti ufa utsala m'kanyumba, kuti a Mwenda sakudziwa, ndiponso kuti sindingalonjeze kuti akakhuta.

Mphunzitsi wina anaimirira. "A Barnaba, chaka chatha munatiphunzitsa zina, lero zina. Tikakomoka ndi njala kumeneko mudzayankha ndinu?"

"Ndidzayankha ndine, ndipo ndidzakomoka nanu limodzi, chifukwa ndikupita nawo."

Anthu angapo anatenga mitolo yawo n'kupita, ndipo sindinawaimbe mlandu. Kenako mayi wina wa kwaya wa ku Chipyela, amene anasungapo banja lathunthu la othawa nkhondo m'chipinda chake chochezera, anamasula kathumba ka usipa kamene anabisa m'chitenje n'kukaika patsogolo panga. "Ine kumene ndikadye ndikukudziwa," anatero. "Ndipo akandiphikira zosakoma ndikawauza, ngati mmene ankandiuzira iwo." Bwalo linaseka, ndipo mphunzitsi uja anakhala pansi. Anthu amenewo ndimawalemekeza mpaka lero. Kusenza njerwa aliyense angathe, koma kukwera boti wopanda kamba chifukwa choti mnzako asachite manyazi, si onse.

Kutsidya

Tinawoloka m'mawa pa boti la tanga, pamodzi ndi a Filipo. Monga ananenera a Filipo, anthu anaima pamchenga chapatali, manja kumbuyo. Tinatsitsa mafosholo, zipande, mphasa, maneti a udzudzu ndi mitolo ya zovala. Mkulu wina anayandikira n'kusuzumira m'botimo, n'kutukula ndi thabwa lokhalira lomwe. Mayi Rozalina anatsika pang'onopang'ono mpaka pamene ndinaima.

"Ufa uli kuti?"

"Tilibe, amayi. Tabwera ndi njala."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka. Kenako anatembenuka n'kuimba nthungululu imene sindinaimvepo pa ukwati uliwonse. Mchenga wonse unadzuka. Anthu ankathamanga n'kumagwira alendo pamkono, uyu ndi wanga, uyu anandisunga, uyu mlongo wake anandipatsa bulangete. Amene sanasungepo munthu anagwidwanso, mphunzitsi uja ankachita kumukanganirana makomo awiri. Kumsasa tinkangogonako, kudya kunali m'makomo. Ine ndinadya kwa mayi Rozalina kondowole, nsima ya chinangwa, ndi nsomba yowamba, iwo ataima pambali manja m'chiuno, mutu uli m'mwamba, akundikalipira kuti ndikudya ngati wodwala.

M'mawa mwake tinadzutsidwa ndi phokoso la ndowa. Mzere wa amayi unayambira kunyanja mpaka pamakoma, amuna akutuluka ndi mchenga m'madengu, njerwa zikuyenda dzanja ndi dzanja. A Filipo anangokwera pathandala n'kutambasula dzanja kuti awapatse chipande. Makoma anakwera mofulumira moti asodzi athu anayamba kudzuka okha.

Titatsala pang'ono kufika pamwamba, ndinapempha kuti ndikaone munda wa mayi Rozalina. Anazengereza, koma anandiperekeza. Mundawo unali mbee, maenje okhaokha. Chinangwa chimene chikanawadyetsa dzinja lonse chinali chitapita m'mimba mwathu, ndipo minda yoyandikana nayo inali chimodzimodzi. Zimene ankaopa a Mwenda zija zinali patsogolo panga, ndipo wozichita ndinali ine.

"Amayi, mudzadya chiyani?"

"Zimene ankadya amayi ako atatidyetsa ife," anayankha. "Usandiwonongere chimwemwe changa, Barnaba."

Pamthunzi wa mtengo panali mitolo ya mitengo ya chinangwa, yoimikidwa bwino kudikira mvula. Ndinayandikira n'kuona kuti ndi yofiira. Ndinathyola kanthambi n'kuyang'ana masamba ake, ndipo ndinawadziwa monga munthu amadziwira chitseko cha kwawo.

"Mwaitenga kuti mbewu imeneyi?"

"Anandimangira amayi ako tsiku lobwerera, kamtolo kamodzi. Ndinagawira anzanga, iwonso anagawira anzawo. Muji wonse ukudya chimenechi. Kuno sitichitcha dzina lina, timati mariamu." Anandigwira phewa. "Ukuganiza kuti masiku onsewa umadya cha yani?"

Ndinakhala pansi m'munda wokumbidwawo n'kulira ngati mwana, bambo wa ndevu zanga. Amayi sindinawalire chotero ngakhale pa maliro awo.

Mwezi wa Novembala

A Mwenda anafika ku Chipyela ndi malata, anatsegula kanyumba kaja ndi kiyi wawo, n'kupeza matumba a ufa ali phee. Sanatume munthu, anawoloka okha pamodzi ndi malatawo. Anatsika m'boti buluku atapinda, nandiitanira pambali.

"Barnaba, ufa uja ndinagulira makoswe?"

Ndinafotokoza zonse kuyambira pa mphasa ya ku Khuyu. Anamvetsera osandidula. Anayang'ana makoma, amene anali atafika pamwamba, kenako anati ndiwaonetse minda. Tinayenda mpaka pa maenje aja.

"Ndinakuuza," anatero.

"Munandiuza, bwana."

Pobwerera tinapeza mayi Rozalina atayala mphasa panjira yeniyeni, beseni la madzi lili m'manja, mbale zovundikira zili pambali. Ankadziwa bwino kuti mwini lamulo ndi ameneyu. Anthu onse, athu ndi eni mudzi, anasiya ntchito, a Filipo ali pamwamba pa khoma chipande chili m'malere. A Mwenda anayang'ana beseni, anayang'ana mayiwo. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kupanga mawu aja oti tadya kale. Kenako anachotsa pensulo kukhutu, anaiika m'thumba la malaya, anakhala pansi n'kutambasula manja kuti awathirire madzi. Anadya mpaka kupukuta mbale, Mtonga pa kondowole safuna kumuphunzitsa.

Atasamba m'manja anandiitana. "Makiyi uli nawo?"

Ndinawatulutsa m'thumba ndikudziwa kuti ntchito yatha. Ndinawapereka ndi manja awiri, koma sanawalandire.

"Mawa uwoloke, ukatsegule, ukatenge makasu onse amene alimo. Denga likatha palibe akwere boti mpaka minda imene tadyayi itabzalidwa."

Ndi mmene zinachitikira. Malata anakhomedwa mitambo ili bii, ndipo mvula yoyamba inatipeza tili m'kati, ife ndi eni mudzi, tikuimba mosamvana ndi phokoso la padenga. Itakata tinalowa m'minda ndi makasu, aphunzitsi, asodzi, akwaya ndi a Mwenda amene, tikubzala mariamu mzere ndi mzere. Za ufa wotsala uja ndinkaopa kuzitchula, koma a Mwenda anazitchula okha pamaso pa mayi Rozalina, kuti pakati pa dzinja tidzautumiza. Mayiwo anaganiza pang'ono. "Tsopano mukhoza," anatero. "Wadya kwanga akandipatsa, ndi m'bale."

Lamulo la ku Yofu a Mwenda sanalifafanize, analiwonjezera. Kuyambira chaka chimenecho, gulu lisanapite kulikonse ndinkayamba ndapita ndekha kukakhala pansi ndi amayi a m'mudzimo n'kuwafunsa kuti za chakudya akuzifuna bwanji. Kwina tinkanyamula ufa, kwina ayi, koma khasu linkanyamulidwa kulikonse. Bwana wina akanandichotsa ntchito kuti asunge ulemu wake. Iwo anasintha lamulo lawo pamaso pa anthu amene ankawalamulira, ndipo sindinawaonepo aakulu ngati tsiku limenelo atakhala pamphasa.

Lero

A Mwenda anagona kwawo ku Nkhata Bay, a Filipo ku Yofu. Mayi Rozalina tinawaika kuseri kwa nyumba yopemphereramo ija, imene ikadali chiimire, ndipo pa maliro awo ndinadya m'makomo atatu mpaka lamba anandithina. Ine makiyi ndinapereka kwa wachinyamata amene amalemba zonse pa foni, ndipo ndikumva kuti asuweni ake ayamba kale kumuda, ndiye kuti ntchito akuigwira.

Ndamva mukunong'onezana kuti kamunda ka kuseri kwa nyumba kangakwane zipinda za lendi, poti alendo achuluka pachilumba. Simunalakwe, ndipo malowo ndi anu. Koma chinangwa cha mitengo yofiira chili pamenepocho chinachokera pa kamtolo kamene mayi Rozalina anandimangira tsiku lobwerera, monga agogo anu anawamangira iwo. Musanakumbe maziko, mudule mitengoyo bwinobwino, ina mubzale kwina, ina muwoloke nayo mukapereke kwa adzukulu awo. Mukakafika adzakuyalirani mphasa n'kubwera ndi beseni la madzi. Ngakhale mutadya m'boti, ngakhale mutaona kuti pakhomopo palibe zambiri, musakanene kuti mwadya kale.